Nyumba Yotchipa ya Kuseri kwa Chipatala

Nyumba ndinaigula chifukwa cha mwana. Ndiyambe ndanena zimenezi, chifukwa kumudzi kwathu mpaka lero amati ndinaigula kuti anthu andione. Ndinali nditaphunzitsa zaka zambiri pasukulu ina ya kumudzi kufupi ndi Vubwi, ndikukhala m'nyumba ya sukulu yomwe mileme inkaidziwa bwino kuposa ine. Bambo a mwana wanga anamwalira mtsikanayo ali giredi sikisi. Atakhoza mayeso a giredi naini n'kupatsidwa malo kusekondale yoyendera ku Katete, ndinapempha kuti andisamutsire kutauniko, ndipo anandivomera. Ndalama za malemu amuna anga ndinali ndisanazikhudze. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti mwanayo akhale ndi chipinda chakechake chokhala ndi chitseko ndi getsi, awerenge mpaka amalize sukulu, ali pafupi ndi ine. Ndilibe mwana wina.

Amene ankandionetsa nyumba anali bambo wina wamfupi, wa njinga yamoto, wodziwa khomo lililonse logulitsa mu Katete. Tinayamba ndi kuboma, kumene kuli mipanda ya njerwa ndi agalu onenepa. Sanazimitse n'komwe injini. "Madamu, kuno ni kwa mabosi," anatero. "Mukamva pulaisi muzadwala bipi." Tinapita kumasitolo, m'mbali mwa msewu waukulu. Nyumba inali yabwino, koma bala linali pakhomo penipeni, ndipo madalaivala a malole anali atakhala pamabenchi akuyang'ana chilichonse chovala siketi. Ndinakana ndisanatsike. Kenako anandipititsa kumunsi, komwe kunali nyumba zatsopano zotsika mtengo. Unali mwezi wa Okutobala, pansi pouma gwa. Koma ine ndine mwana wa mlimi. Ndinaona dothi lakuda long'ambika, ndinaona mzere wa madzi pakhoma wofika m'mawondo, ndipo ndinamuuza kuti dambo ndimalimamo mpiru, sindigonamo. Anaseka n'kunena kuti aphunzitsi sapusitsidwa. Ndinasangalala nawo mawu amenewo, ndipo ndinadzimva kuti ndine wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Nyumba yachinayi inali kuseri kwa chipatala chachikulu, ulendo woti madzi a tiyi sangawire usanafike kuchipata. Zipinda zitatu, pabalaza, khichini, pansi pa simenti, malata osadontha, magetsi, mtengo wa mango pabwalo, mjigo pafupi. Mtengo wake unali wotsika kuposa wa nyumba za kudambo zija. Mwini wake anali mayi wina wachikulire yemwe anapuma ntchito kuchipatalako ndipo ankasamukira kwa ana ake ku Chipata. Ndinawafunsa mosabisa kuti vuto la nyumbayo n'chiyani. Anati njira yochokera kumochale imadutsa kumapeto kwa mpanda, ndiye anthu ena sakonda kumva kulira. Ndinawayankha kuti ine ndine wopemphera, ndipo kulira ndinakumva kale m'nyumba mwanga momwe.

Tili pakhonde, mayiwo anandifunsa kuti kwathu n'kuti. Ndinawauza.

"Abale alipo ambiri kumeneko?"

"Gulu," ndinatero monyadira. "Mudzi wonse ndi ife tokhatokha."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kungoti, "Mmm." Kenako anatsitsanso mtengo ine ndisanapemphe. Ndinkaganiza kuti andikonda.

Mwezi woyamba unali wokoma, ndipo ndimadana nako kuukumbukira. Mwana wanga anasankha chipinda choyang'ana kumango, anachipaka yekha laimu, anamata pakhoma ndandanda ya nthawi zowerengera yolembedwa ndi mabolopeni a mitundu itatu. Kiyi anaimangirira pachingwe n'kumaivala m'khosi mkati mwa yunifolomu. Ndikamamuitana kuti adye, ankayankha ali mkati, mwamatama, kuti, "Amama, gogodani poyamba." Ndinkagogoda ndikuseka.

Kenako achimwene anga aakulu, amene ndi mwini mbumba wathu, anaimba foni. Anati mayi aang'ono akubwera kudzachitidwa opaleshoni ya ng'ala, masiku atatu okha. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi wowasamalira, ndipo mwanayo anali ndi khanda kumsana. Ndinawalandira ndi manja awiri. Anabwera ndi nsinjiro ndi mbatata, anakhala sabata ziwiri, anabwerera akuona bwino, ndipo maso atsopanowo anakawagwiritsa ntchito pofotokoza nyumba yanga kumudzi, chipinda ndi chipinda. Uthenga unamveka mpaka kumalire, kuti mwana wathu ali ndi nyumba pachipatala penipeni.

Apa m'pamene ndinazindikira chimene mayi ondigulitsa nyumba aja ankafunsa. Pachipatala pali chitando chogonamo anthu osamalira odwala, ndipo anthu ochokera kutali amagona mmenemo bwinobwino, amaphika pamafuwa awo. Koma kwathu, kusiya m'bale wako agone pachitando iwe uli ndi denga loonekera pachipata, ndi chinthu chomwe adzachinene ngakhale pamaliro ako. Ine ndinakulira m'mwambo umenewu. Ndinaudziwa ngati mmene ndimadziwira dothi la kudambo, koma tsiku logula nyumba ndinayang'ana pansi ndi padenga pokha.

Anayamba kubwera. Amayi oyembekezera ankafika mwezi wathunthu tsiku lisanakwane, poopa kuti misewu idzaduka ndi mvula. Odwala shuga, othyoka miyendo, ana otupa, agogo odzayezedwa amene ankauzidwa kuti abwerenso Lachinayi ndiye ankangodikira Lachinayilo pamphasa yanga. Wodwala aliyense ankabwera ndi womusamalira, ndipo womusamalira ankabwera ndi womuperekeza. Ena sindinkawadziwa n'komwe. Ankangoti odi, n'kuyamba kufotokoza chibale kuyambira kwa agogo a agogo, ine nditaimirira ndi choko m'manja. Chipinda chachitatu chinadzaza, pabalaza panadzaza, m'khichini munayamba kugona anthu. Anyamata a njinga za kabaza anasiya kufunsa njira. Munthu akatsika minibasi atanyamula mphasa ndi ndowa, ankangomuuza kuti, "Kwerani, tiyende ku wadi ya amadamu."

Sindikunena kuti anali anthu oipa. Ankabwera ndi zomwe anali nazo, ankasesa, ankatunga madzi, ankapemphera nane. Koma m'mawa uliwonse pankayaka mbaula ziwiri za phala, ndipo mabakuli ankayenera kufika kumawadi nthawi yoona odwala isanathe. Wodziwa njira zachidule ndi alonda a pachipata anali mwana wanga. Choncho asanapite kusukulu ankayamba wazungulira chipatala atanyamula phala la anthu ena. Ankafika m'kalasi mochedwa, yunifolomu ikununkha utsi. Chipinda chake chokha ndicho ndinachiteteza. Aliyense ndinkamuuza kuti mmenemo muli mabuku a boma.

Chitsekocho chinatseguka pamaliro. Msuweni wathu wina anamwalira kuchipatalako, ndipo lole yotenga thupi kupita kumudzi inachedwa masiku awiri. Mwambo ndi wodziwika. Anthu amasonkhana panyumba ya m'bale yomwe ili pafupi. Mipando inatulutsidwa panja, azibambo anakhala pansi pa mango, azimayi anadzaza m'nyumba n'kumaimba nyimbo za kutchalitchi. Nyumba yanga inasanduka siwa popanda wondifunsa. Masana a tsiku loyamba achimwene anandiitanira kuseri.

"Aphunzitsi," anatero, poti ndi mmene amandiitanira akafuna kundichepetsa, "azigogo ali pakhonde padzuwa, kamwana kakhala ndi chipinda chokhoma? Anthu aziti tinakulera bwanji?"

Ndikanatha kukana. Ndimabwereza mawu amenewa kawirikawiri. Koma azimayi onse a kumudzi anali akundiyang'ana pawindo, ndipo ndinachita manyazi. Ndinapita kwa mwana wanga, ndinatambasula dzanja. Anavula chingwe m'khosi n'kundipatsa. Kiyi imeneyo ndinaipereka ndine, ndi dzanja langali, ndipo sinabwererenso. Maliro atatha, m'chipindamo munatsala agogo awiri odikira dokotala wa mafupa, ndipo atachoka iwo munalowa ena.

Chaka chimenecho panachitika maliro enanso atatu. Mwana ankawerengera kusukulu akaweruka, mpaka mlonda atamuthamangitsa. Buku lake la sayansi linang'ambidwa ndi khanda la mlendo, mayi wake n'kungoseka kuti nayenso akufuna sukulu. Malikisi anayamba kutsika. Aphunzitsi ake, anzanga a ntchito imodzi, anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino, ndipo ndinayankha kuti kuli bwino.

Kamodzi ndinayesa. Mayeso a kumapeto kwa giredi leveni atayandikira, achimwene anaimba kuti akutumiza mayi wina wa chifuwa, ndipo ndinati ayi, mwezi uno ayi. Mawa lake anafika okha, ndi mayiyo. Sanakalipe. Anakhala pansi, anavula chipewa, n'kunena mofatsa kuti thonje lomwe linandipititsa kukoleji linalimidwa ndi anthu omwewa. Kenako anandikumbutsa kuti mayi amene ndinkawakanawo ndi amene anakhala miyezi iwiri akuchapa zofunda za amuna anga pamene ankadwala, ine ndili m'kalasi. Zonsezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Bodza ndikanalimbana nalo. Mayiwo anagona m'chipinda cha mwana wanga, mwanayo pansi, iwo pabedi.

Patapita sabata zitatu kuchipatala anapeza kuti chinali chifuwa chachikulu. Tonse a m'nyumbamo tinakayezedwa. Mwana wanga anapezeka alibe, koma masiku odikira zotsatirawo sindinadye. Nkhani inafika ku Sinda, kwa azakhali ake, mlongo wa malemu amuna anga, amene ali ndi kagolosale kumeneko ndipo ana awo onse anakula n'kuchoka. Anabwera Loweruka m'mawa. Analowa, anadumpha mphasa ziwiri pabalaza, anasuzumira m'chipinda chija, anatuluka. Tinakhala pansi pa mango.

"Alamu," anatero, "mwanayu ndimutenge akamalizire kwathu. Malo kusukulu ndapeza kale."

Ndinapsa mtima. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. A kuchimuna amabwera kudzaona, satenga. Ndinawauza kuti ine sindinafe, ndipo mwanayo sangavomere n'komwe kundisiya. Ndinamuitana kuti ayankhe yekha pamaso pawo. Anabwera, anagwada, anayang'ana pansi.

"Amama, ndine ninawatumira foni."



"Si kuti nikuthawani," anapitiriza. "Nifuna chabe kugona pamalo pamene palibe munthu wobuula. Nalema, amama. Munakamba kuti nyumba ni yathu, koma ni ya amalume."

Ndinafuna kumumenya, ndipo ndinafunanso kumugwadira. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizo. M'nyumba wina anali akuitana kuti phala likupserera.

Mwana wanga anapita sabata yotsatira. Ndinaimbira achimwene ndikuyembekeza kuti, monga mwini mbumba, akwiya kuti mwana wa mbumba yawo watengedwa ndi a kuchimuna. Iwo anangoti mwina zili bwino choncho, chifukwa panyumbapo panali pothina. Kuyambira tsiku limenelo ndimawapatsa moni ndi ulemu wonse, ndipo zimathera pomwepo.

Ndinayesa kuigulitsa nyumbayo. Bambo wa njinga yamoto uja anabweretsa anthu atatu pa nthawi zosiyana. Onse anali a konkuno, ndipo onse anayang'ana nsapato zomwe zinali pakhomo, n'kuyang'ana denga la chipatala, n'kunena kuti akaganiza kaye. Anthu a mu Katete amadziwa. Pamafunika wina wochokera kusukulu ya kumudzi, wodziwa kuwerenga dothi, kuti agule nyumba ngati imeneyi. Ndikadali momwemo. Pamene ndikulemba pano, pabalaza pali mayi woyembekezera ndi apongozi ake.

Mwana wanga anamaliza ku Sinda, ndipo anakhoza bwino. Ndinasangalala, koma chisangalalocho chinali ngati cha munthu wodyera paukwati wa eni. Amabwera kudzandiona, amandibweretsera shuga ndi sopo, amakhala panja, ndipo dzuwa likapendeka amatsanzika. Sanagonenso m'nyumba muno.

Mwezi wathawu anabwera ndi mapepala ofunsira malo kukoleji ya unamwino. Anati pakufunika siginecha yanga. Ndinapukuta manja, ndinavala magalasi, ndinayamba kuwerenga monga mphunzitsi, mzere ndi mzere. Pofunsa kumene amakhala analemba Sinda. Pofunsa kholo kapena womuyang'anira anali atalemba kale azakhali ake, ndipo iwo anali atasaina. Ndinafunsa kuti nanga ine ndisaine pati. Anatembenuza pepala n'kundilozera mzere wa pansi penipeni, wa mboni, pomwe amafuna munthu wogwira ntchito m'boma amene amamudziwa wofunsirayo. Panali kabokosi kofunsa kuti ndamudziwa kwa zaka zingati. Ndinalemba zaka zake zonse, ndipo ndinasaina.