Mphete ya Yusufu Yalakwika

Moni nonse. Ndangotsika minibasi pa Boma, ndipo ndakwiya.

Lero ndinaperekeza achemwali anga, amayi ake a Agnesi, ku Limbe kukagula mphete yoti Agnesi adzamuveke Yusufu pa chinkhoswe Loweruka. Tisanakwere ndinawauza kuti mnyamatayo ndi Msilamu, ndipo mwamuna wa Chisilamu savala golide. Tigule ya siliva. Anavomera.

Titafika, ine ndinatuluka m'sitolo kukaona zitenje za ankhoswe. Pobwera ndapeza agula ya golide. Wogulitsayo, Msilamu nayenso, akuti anawachenjeza kawiri. Nditawafunsa, ati, "Achimwene, siliva siwala pa zithunzi. Anthu a kwa Mpama angatiseke."

Mwana akukwatiwa ndi zithunzi kodi?

Chondipweteka n'chakuti alembetsa kale dzina mkati mwake, YUSUFU, zilembo zikuluzikulu. Sitolo yakana kuilandira. Angaigule ndani mphete ya dzina la mwini?

Yusufu akaikana pagulu, wolira ndi Agnesi. Akaivala chifukwa cha manyazi, amalume ake a kwa Nchema adzati tamuchimwitsa mwana wawo tsiku loyamba. Mwinimbumba ndine, maso onse adzakhala pa ine.

Agnesi sakudziwa. Achemwali akuti tikhale chete, zikaoneka komweko. Ndakana.

Ndiye nenani, abale. Tikagule ina ya siliva, kapena ndikawauze akuchimuna zoona? Achemwali, muli pagulu pompano, ndikuona kuti mwawerenga. Yankhani lero. Mukakhala chete, mawa ndilawirira kwa Nchema ndekha.