Tsiku limene ndinapempha amayi kuti adye

Anzanga, pezani pokhala. Amene mukukazinga kanthu phulani kaye, chifukwa nkhani iyi sindiikamba kawiri. Ndayamba kuilemba pafoni pano katatu n'kumafufuta. Lero ndiimaliza.

Amayi anga anali munthu wamkulu thupi. Sindikunena kunenepa kwa nthawi yokolola ayi. Ndikunena kuti pakhomo pa nyumba yathu ku Zemba ankalowa chammbali. Pogona ankatsamira thumba la chimanga, chifukwa akagona chagada mpweya unkaima, kenako n'kudzidzimuka ngati munthu womira. Koma akabwera kumudzi kudzationa, anthu ankawasirira. Akadutsa pachitsime azimayi ankati, "Uyo ndiye akudya bwino."

Ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Lusaka, ndipo banjalo litasamukira ku Joni linawatenga. Atate anamwalira ndili wamng'ono, ndiye ine ndinakulira kwa atsibweni, alongo awo a amayi. Bwana wa amayi anali dokotala. Ataona shuga, ataona mawondo akukana, anawakonzera opaleshoni. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 90, ine ndili ndi zaka 19.

Mvetsani bwino apa. Sanawadule mafuta. Anawasoka chifu ndi tizitsulo tonga tija amalumikizira mapepala ku ofesi, n'kusiya kathumba pamwamba kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Kathumbako kakadzaza, basi munthu wakhuta.

Atachira chilonda anasiya ntchito n'kubwera kumudzi. Anabwera ndi kakapu kobiriwira ka pulasitiki ndi kalata ya Chingerezi ya masamba awiri. Pakhomo wodziwa kuwerenga Chingerezi ndinali ine, ndiye anandikhazika pakhonde kuti ndiwamasulire. Osadya kupitirira kakapu. Kutafuna mpaka chakudya chikhale ngati phala. Osamwa zam'botolo zija zotutuma. Ndiye pansi, ndi zilembo zonenepa zakuda: mukamva kupweteka paphewa lakumanzere, mtima ukuthamanga, thupi likutentha, pitani kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, mwina tizitsulo tamasuka.

Amayi anaseka. "Phewa? Mimba ndi phewa zikumana pati?"

Ine sindinaseke. Mawu amenewo anandikhala m'mutu ngati nyimbo yoipa.

Anayamba kuonda. Mwezi woyamba anthu anati ndi ulendo. Mwezi wachinayi chitenje chinkawazungulira kawiri, khungu la m'mikono likulendewera ngati nsanza. Koma ndikuuzeni, anali bwino kuposa kale lonse. Ankapita kumunda wa nsawawa wapansi, ankagona chogona, thumba la chimanga lija tinalibwezera kunkhokwe.

Tsono amene munalipo zaka zimenezo mukudziwa kuti kuonda kunkatanthauza chiyani. Kaliondeonde. Munthu akachokera kutauni atachepa thupi, anthu sankafunsa, ankangoyamba kuwerenga miyezi. Mayi wina woyandikana nafe, yemwe ankabwereka sefa tsiku ndi tsiku, analeka. Kumaliro amayi akamwa madzi, chikhocho sichinkabwerera mumtsuko.

Musaganize kuti tinabisa. Tinafotokoza. Anthu anaseka mpaka kugwirana m'mapewa. "Kudulidwa mimba chifukwa chonenepa? Ndani angapite kwa dokotala kukadandaula madalitso?" Amayi anafika pomasula chitenje n'kuonetsa azimayi anzawo chipsera. Zinangoipiraipira. Mawu anayenda m'mudzi akuti madokotala anatsegula, anaona, n'kutseka.

Nthawi imeneyo ine ndinali ndi chibwenzi chodziwika, mnyamata wa ku Pembamoyo, wokonza njinga pafupi ndi msika wa pa boma. Ankhoswe anali atakumana kale kamodzi. Kenako kwawo kunangoti zii. Ndinamupeza pamalo ake akumata chubu.

"Kwanu kuli bata bwanji?"

"Azakhali akuti abwere adzaone okha."

"Adzaone chiyani?"

Anazunguza gudumu, maso ali pa masipokosi. "Akuti matenda akalowa m'nyumba sasankha mphasa."

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Ine ndilibe mawu pamaso pa azakhali. Anandilera ndi iwo."

Azakhaliwo anabwera ndi azibambo akwawo Loweruka lina, nsawawa titakumba kale. M'mawa ndinapeza amayi kuseri akuthothola nkhuku. Ndinagwada. Apa ndi pamene ndimafufuta nthawi zonse ndikafika.

"Amayi, lero lokha."

"Lero lokha chiyani?"

"Kakapu kabiseni. Adzakuoneni mukudya."

Anandiyang'ana nthenga zili m'manja. "Kalata ija anawerenga ndani?"

"Ndine."

"Ndiye ukudziwa."

"Ndikudziwa, amayi."

Anapitiriza kuthothola phiko lonse. Kenako anati, "Kaike m'sutikesi, pansi pa zovala."

Azibambo anakhala ndi atsibweni pansi pa mango. Azakhali a mnyamata uja anakhala pakhonde ndi amayi. Anali mayi wamfupi, wa fodya wamphuno, maso ake osaphethira. Popereka moni anagwira dzanja la amayi nthawi yaitali, chala chikupapasa mafupa. Anabweretsa mphatso, mabotolo awiri a zakumwa zotutuma zija.

Ndinaika mpunga, nkhuku, mfutso wotendera ndi maungu. Amayi anati, "Idyani, asewere, mwayenda ulendo."

"Kwathu mlendo sayamba," azakhali anatero. "Eni nyumba ayambe, atichotsere mantha."

Amayi anasamba m'manja n'kuyamba. Ine ndinakhala kumapeto kwa mphasa ndikuwerenga mumtima. Ndinkadziwa kuti kakapu kaja kamadzaza ndi mbamu zisanu. Yachinayi. Yachisanu. Anaima, anapukuta zala.

"Asewere, ku Joni anakuphunzitsani kudya ngati mpheta? Ndinamva kuti inu kale nkhuku yathunthu inkakuopani."

"Inkandiopa ndithu."

"Ndiye ntchafu iyi ndi yanu. Ine mano anatha."

Amayi analandira. Yachisanu ndi chimodzi. Yachisanu ndi chiwiri. Ankatafuna nthawi yaitali, azakhali n'kumati, "Mezani, asewere, si chingamu." Onse n'kuseka. Pamphuno pa amayi panayamba thukuta. Akameza ndinkamva pakhosi pawo kulira, ngati madzi olowa m'botolo lodzaza kale. Nditafika pa khumi ndi ziwiri ndinaleka kuwerenga.

Kenako azakhali anatsegula botolo ndi msomali wa pamzati. Linalira. Anapereka kwa amayi ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nyerere pamphasa. Anamwa mpaka theka.

Azakhali anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Anthu ndi abodza. Wodwala angadye chonchi? Ameneyu ndi kungoonda kwa ntchito za azungu."

Ndiulule. Ndinakondwa. Mtima unati myaa. Kwa kanthawi ndinaona ukwati wanga, diresi, nyumba ya malata ku boma.

Amayi anati akaone mbuzi. Atachedwa ndinawatsatira. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atagwada, akufuna kusanza, koma kunkangotuluka malovu oyera athovu. Dzanja lamanja linali litagwira phewa lakumanzere.

Ndinaika dzanja pachifuwa pawo. Mtima unkagunda ngati injini ya chigayo.

"Amayi, phewa."

"Ndagona nalo moipa."

"Ndikauze atsibweni amange ng'ombe pangolo."

Anandigwira mkono, zikhadabo kulowa. "Ngoloyo idutsa pati? Si pamaso pa alendo? Ukatsegula pakamwa, zonse ndadyazi ndadyera chabe."

Anapukuta kumaso ndi chitenje, anadzuka atagwira mzati wa nkhokwe, n'kubwerera pakhonde. Anakhala tsonga. Anakambirana za mwezi wa ukwati, za chimera, za mbuzi yoti idzaphedwe. Milomo ili mbuu koma akuseka. Ine ndinkatsuka mbale imodzimodzi osaimaliza, ndikuyang'ana mthunzi wa mango ukutalika. Alendo okhuta sachedwa kuiwala njira. Pamene ankatsanzika, ndinkadziwa kuti maminibasi a ku Chipata anatha kalekale. Amayi anawaperekezanso mpaka panjira.

Atapotoloka anagwa pakhonde. Thupi linali lotentha ngati chiwaya.

M'mawa mwake ndinawauza atsibweni zonse. Anamanga ng'ombe pangolo. Amayi analamula kuti tikwezenso matumba awiri a nsawawa, kuti anthu aziti tikupita kukagulitsa. Anakhala pakati pa matumbawo, ngolo ikagunda mwala amatseka maso.

Kukiliniki ya pa boma tinapeza bambo wina wofatsa. Anawerenga kalata ya ku Joni ija kawiri. Anawakanikiza pamimba, amayi n'kuluma chitenje. Kenako anati, "Amayi, ndisakunamizeni. Kuno tilibe makina oonera m'kati. Pitani ku Chipata lero lomwe, mwina kumeneko akakutumizani ku Lusaka." Analemba kalata ina, anatipatsa mapilitsi.

Tinatuluka. Siteji ya maminibasi inali apo, moyang'anana ndi msika, pafupi ndi pamene mnyamata uja ankakonzera njinga. Kondakitala akuitana Chipata, Chipata. Amayi anaima, anayang'ana msika wonse.

"Tiyeni kunyumba."

"Mlongo," atsibweni anatero, "wamva zimene anena adokotala."

"Ndamva. Ndikakwera apa, Pembamoyo amva dzuwa lisanapendeke. Gulitsani nsawawazo tizipita."

Masiku atatu anagona m'nyumba, chitseko chotseka, akungomwa madzi a phala ndi supuni. Wofunsa tinkamuuza kuti ndi malungo. Ine ndinkalowa kawirikawiri kukawagwira pachifuwa. Ndinkanunkhiza ngakhale mpweya wawo, osadziwa chomwe ndikufuna kumva. Ndinkaganiza za mpunga uja, kuti uli pati tsopano, mwina ukungoyandama m'mimba pamalo posayenera.

Tsiku lachinayi thupi linazizira. Anadzuka, anakhala pakhonde, n'kunena mawu amene sindinawamve kwa iwo chibwerere ku Joni.

"Ndili ndi njala."

Ndinatulutsa kakapu m'sutikesi, ndinawaikira mbatata yophika. Anamaliza. Anati ndionjezere. Anamaliza. Anatenga mbale yanga n'kudya yonse, ine ndikudikira thovu lija, ndikudikira dzanja lipite paphewa. Palibe chinachitika. Anangogeya n'kumwetulira.

"Waona? Ndachira."

Ndinakatenga kalata ija n'kuwerenganso tsamba lachiwiri, lomwe tsiku loyamba ndinangolidumphadumpha. Panali mzere umodzi. Mukaona kuti mwayamba kudya kwambiri osamva kukhuta, msoko wam'kati watseguka, bwererani kwa dokotala. Ndinawamasulira. Anati, "Pinda pepalalo."

Thupi linabwerera msanga kuposa mmene linachokera. Masaya, khosi, mikono. Ndipo anthu nawo anabwerera. Mayi wa sefa uja anatulukira m'mawa wina ngati sanaleke n'komwe. Kutchalitchi azimayi ankawagwira m'masaya, "Mwachira, Mulungu ndi wamkulu." Chikho chinayambanso kubwerera mumtsuko. Amayi ankayenda m'mudzi mutu uli m'mwamba, ndipo sindinawaonepo okondwa chotero.

Koma m'nyumba ndinkaona ine. Kumunda anasiya kupita, akuti mawondo. Kubafa, pamene ankataya madzi, nyerere zinayamba kuunjikana ngati pagwa shuga. Tsiku lina ndinapeza thumba la chimanga lija labwerera kumutu kwa mphasa yawo. Palibe ananena kuti walilowetsa ndani.

Kutatsala mlungu umodzi kuti ukwati uchitike, azakhali aja anabweretsa chimera cha thobwa. Anakhala pakhonde pomwe paja, phewa ndi phewa ndi amayi, akuseka ngati anakulira pamodzi. Ine ndinali pamphika wa nyemba, chipande m'manja. Amayi anamaliza mbale yawo. Mpweya wawo unkalira pang'ono, ngati mluzu wa patali. Anatambasula mkono, mbale ili m'manja, akundiyang'ana m'maso.

"Onjezera, mwanawe."

Azakhali anati, "Aikire, aikire, asewere anga abwerere mwakale."

Kakapu kanali m'sutikesi, pamodzi ndi makalata awiri aja. Ndikanatha kukatulutsa n'kukaika pamphasa pamaso pa onse. Ndikanatha kunena kuti thupi mukuliombera m'manjali ndi lomwe likuwapha.

Ndinawaikira. Chipande chodzaza, n'kuonjezanso msuzi.

Ukwati unachitika, anthu anavina. Mwana wanga woyamba amayi anamunyamula, atakhala pansi chifukwa kuima sankatha. Wachiwiri sanamuone. Kakapu kaja ndili nako mpaka lero, ana amaseweretsa pamchenga osadziwa.

Ndiye ndikufunseni, anzanga, ndipo musandiyankhe zondisangalatsa. Chipande chili m'manja mwanu, mayi anu atambasula mbale, apongozi akuyang'ana. Inu mukanatani?