Mpando Wogona Umene A Mapointi Analonjeza

Mayi Telala akhala pa makina osokera zaka makumi atatu, ndipo msana wawo unatheratu pomwepo. Mukawapeza m'kachipinda kawo kuseri kwa shopu ya zitsulo, amakhala atapinda pilo pampando, mapini ali pakamwa, mwendo ukupalasa. Dokotala anawauza kale kuti pali fupa limene likupana mtsempha, asamakhale pansi kupitirira ola limodzi. Ndiye amasoka diresi theka, n'kugona chagada pa tebulo lodulirapo nsalu, kasitomala akudikira pakhomo.

Amuna awo ndi okonza makina osindikizira mabuku, ndipo kuntchito kwawo amawatumiza mayiko ena pa ndege. Pamsewu wawo aliyense amangowatchula kuti a Mapointi. Nkhani yake ndi iyi: ukamakwera ndege za kampani imodzimodzi, amakulembera mapointi pa kakhadi, ndipo akachuluka ukhoza kusamukira ku mipando ya kutsogolo, ija imatambasuka ngati bedi. Bambowa anatolera zaka khumi ndi zinayi osachotsapo ngakhale imodzi! Amakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chimbudzi, mawondo ali pachibwano, koma mtima uli mbee. Pa ukwati wa mphwawo anafika anthu akupinda mipando, chifukwa anasankha ndege yozungulira yopatsa mapointi ambiri. Mayi Telala anawakwiyira sabata yathunthu, kenako anangoti ndi matenda awo, nanga munthu ungatani?

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anakwatiwa kutali, ulendo wa maola khumi ndi limodzi m'mwamba. Foni inabwera kuti wabereka mwana wamwamuna, koma pa opaleshoni, ndipo tchuthi cha mwamuna wake chikatha, iye atsala yekha m'nyumba, chilonda chisanapole, khanda lili m'manja. Mayi Telala analira ndi chimwemwe, kenako analira ndi mkwiyo. Msana umenewu ukawafikitsa bwanji?

“Mayi, pukutani misozi,” anatero a Mapointi. “Ndimasungira tsiku ngati ili. Mupita chogona.”

“Inuyo? Kutulutsa mapointi? Kodi mukumva bwino m'thupi?”

Koma anatulutsadi, anthu inu! Anawaonetsa tikiti italembedwa mzere wachitatu, kutsogolo. Dokotala anati ngati n'chogona, pitani. Mayi Telala anawakhululukira amuna awo zaka zonse zija mumtima, ngakhale pakamwa sananene. Anauza makasitomala onse, mpaka mayi wa pa shopu ya zitsulo anayamba kuwatchula kuti bwana. Anasoka timalaya ta khanda tisanu ndi tiwiri, ndi diresi lawo lobiriwira la paulendo.

Tsiku la ulendo anafika pa bwalo la ndege m'mawa, poti amapita onse awiri, n'kuima pa mzere mpaka mwendo wamanzere wa Mayi Telala unayamba dzanzi. Mtsikana wa pa kauntala anatenga mapasipoti, anagogoda kompyuta, kenako anasiya kumwetulira.

“Mayi, mpando wanu uli mzere wa 41, pakati.”

“Iyayi mwanawe, taonanso bwino. Wanga ndi wogona, kutsogolo.”

“Unalipodi, mayi. Koma Lachiwiri pa tikiti yanu panasinthidwa khadi. Panachotsedwa la kampani yathu, n'kuikapo la kampani ina imene timathandizana nayo maulendo. Zikatero, mpando wotenga ndi mapointi athu umachoka wokha. Unapita kwa munthu wina tsiku lomwelo.”

Mayi Telala anatembenuka thupi lonse, poti khosi lokha silitembenuka. Amuna awo anali akuyang'anitsitsa sikelo ya zikwama ngati ayiona koyamba.

“Bambo, Lachiwiri munatani?”

“Mayi, ndimvetseni kaye. Kampani inayo ikupereka mapointi owirikiza mwezi uno. Ndiye ndinakutsegulirani khadi kumeneko, kuti ulendo womwewu tikololenso. Ndimati tipindule uku ndi uku. Sindinadziwe kuti…”

“Simunadziwe! Zaka khumi ndi zinayi mukutiimbira nyimbo ya mapointi patebulo, lero simunadziwe? Chinthu chinali chitatheka kale, mumachigwiriranji? Ine ndikamaliza diresi la mwini sindilibwereranso ndi sizasi!”

Anthu a pa mzere anasiya zokamba zawo. A Mapointi, manyazi atawagwira, anasandutsa mkwiyo n'kuutaya pa mwana wa eni. Anamenyetsa khadi lawo lagolide pa kauntala, akuti mukundidziwa ine, ndakwera ndege zanu kuposa oyendetsa, itanani bwana wanu. Bwanayo anabweradi, bambo wofatsa wa wailesi m'chiuno, ndipo anafufuza mokhulupirika. Kutsogolo kunali kutadzaza. Mpando wina wotenga ndi mapointi unali patatha milungu itatu.

Milungu itatu! M'maganizo, Mayi Telala anaona mwana wawo akudzikoka kupita ku bafa atagwira pamimba, khanda likulira pabedi, popanda womupatsira ngakhale kapu ya madzi. Anaonanso maola khumi ndi limodzi atapanikizika pakati pa anthu awiri osawadziwa, moto ukutsika kuchoka m'chiuno mpaka kuchala. Ankaudziwa moto umenewo. Unawagwetsapo kamodzi pakhomo pa shopu, anthu n'kuchita kuwanyamula ngati thumba la simenti. Anachita mantha, ndipo manthawo anawonjezera mkwiyo.

“Tipita lero,” anatero. “Lemba, mwanawe.”

Mtsikanayo anayamba kumata mapepala pa zikwama. Anali wamtima wabwino, ndipo poona bambo wamkulu thukuta lili kamukamu, anafuna kuwatonthoza.

“Koma bambo, musadandaule kwambiri. Mapointi anu sanatayike. Onse anabwerera pa khadi lanu.”

“Onse?” anafunsa a Mapointi.

“Onse, bambo.”

“Oo, chabwino.”

Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Nkhope inamasuka kamphindi kochepa chabe, asanakumbukire kuikwinyanso. Koma Mayi Telala ndi munthu woona ulusi wokhota ali kutsidya kwa chipinda, ndipo anaona zonse. Kusintha khadi akanakhululuka, poti dyera la amuna awo ankalidziwa kuyambira kale. Koma kuti munthu mtima ukhale pansi pamene mkazi wake akupita kukapsa maola khumi ndi limodzi, ayi, izi zinawalasa pena.

Sanakalipenso. Anatsamira pa kauntala n'kufunsa motsitsa mawu.

“Mwanawe, bambowa wawaika pati?”

“Pafupi nanu, mayi. Mukhala limodzi.”

“Asunthe. Uwaike kulikonse, bola ndisawaone.”

“Mayi, chonde,” anatero a Mapointi. “Mukafuna kudzuka akugwirani dzanja ndani?”

“Ndipempha mlendo. Msana ndiupirira, bambo, koma sindingapirire msana ndi inu pamodzi.”

Mtsikanayo anayang'ana bwana wake, bwanayo anayang'ana pansi. Makina anatulutsa timapepala tiwiri, ndipo Mayi Telala anatenga kawo okha. Anayamba ulendo wopita ku geti pang'onopang'ono, dzanja lili pachiuno, akukoka mwendo wamanzere, ndipo amuna awo atafulumira kuti awagwire chigongono, anachichotsa.