Diresi la Esinati

Moni nonse, ana anga.

Mdzukulu wanga Chisomo watulukira kuno ku Kabwata m'mawa, shuga m'manja. Ndinadziwiratu kuti pali chimene akufuna. Akuti, "Ambuya, Loweruka ku koleji tikavala ngati atsikana a nthawi ya ufulu. Mundibwereke diresi lija la m'sutikesi."

Amanena lamadonthomadontho la malemu mng'ono wanga Esinati, limene tinasoketsa ku Kamwala. Ndinakana. Anthu pobwereka amaseka, pobweza amasowa.

Akuti, "Ndiye tsitsi lokha, Ambuya."

Ndinaika chipeso chachitsulo pambaula, n'kuchiyesa kaye papepala. Ndisananene kanthu, mwanayo anapinda khutu ndi zala ziwiri, n'kutsinzina diso limodzi. Ndendende Esinati poopa kupsa! Chonsecho sanamuonepo.

Chipeso ndinachiika pansi. Sutikesi ndinatsegula ndekha. Diresi lamukwana, osasuntha ngakhale batani.

Koma ndalitsekeranso. Anzakewo sindiwadziwa, ndi zopakapaka zawo zija.

Ndiye mukuti bwanji, ndimupatse? Ine ndikuti akavale, koma ndipite nawo, ndikakhale kumbuyo maso ali pa diresi. Ndani adzanditenga pagalimoto? Kampango kopukutira m'maso ndinyamula ndekha.