Magalasi Ondiweramitsa

Ndinanyamuka ku Area 47 Loweruka m'mawa, mawu a mayi a kunyumba akulirabe m'khutu: "Mukangogwanso, njingayi ikupita kumudzi." Sankanena zoseka. Mwezi umenewo ndinali nditagwa kawiri, chifukwa za patali zinkangooneka ngati utsi. Njinga yangayi ndimaikonda, ndipo popanda iyo ndingasanduke nkhalamba ya pakhonde.

Ndinatsetsereka mpaka ku Old Town, ndikulimbirana msewu ndi maminibasi ndi akabaza. Pafupi ndi msika ndinamangirira njinga pamtengo n'kulowa m'sitolo ya magalasi. Sabata yapitayo mayi woyeza maso anali atandipatsa chisankho: magalasi awiri, a pamsewu ndi owerengera, kapena amodzi otchedwa progressive, amene kumtunda umaonera patali, kumunsi n'kumawerengera. Ndinasankha amodziwo, poti awiri ndingataye.

"Koma bambo," anatero mayiyo akundiveka, "musamayang'ane pansi ndi maso okha, msewu uzisambira. Muziweramitsa mutu wonse, mphuno iloze chimene mukufuna kuona. Ndipo lero lokha njingayo muikankhe."

Ine kukankha njinga anthu akuona? Ndinagula chimanga chootcha panja, kukukuta, n'kukwera.

Pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe ndinaponya maso pansi mwachizolowezi, phula n'kuyamba kuyenda lokha. Ndinakumbukira za mphuno, ndipo kuyambira pamenepo dzenje lililonse ndinkaliweramira. Vuto ndi lakuti kuno kwathu ukaweramitsa mutu, wina ayankha basi. Mayi wogulitsa nthochi anati, "Zikomo bambo!" Wapolisi wa pamsewu anakweza dzanja. Mlonda wina anachita kudzuka pampando, nati, "Mwadzuka bwanji, bwana?" Chibadwire sindinagawepo ulemu wochuluka chonchi.

Dzuwa lili paliwombo ndinakhotera mumsewu wathu. Mumsewumu muli dzenje lalikulu, kutsogolo kwenikweni kwa geti la aneba anga, a Gondwe. Iwowa tinali tisakulankhulana kwa chaka chathunthu, chifukwa galu wawo anadya nkhuku zanga iwo n'kukana kwamtuwagalu. Tsikulo anali ataima pageti pomwepo, manja ali m'thumba.

Ndikanatha kudutsa khosi lili gwa, koma ndiye kuti dzenje sindiliona bwino, ndigwa, njinga ipita. Mtima unandiwawa, koma ndinawerama, ndipo ndinawerama kwambiri, poti dzenjelo si lamasewera.

"Aaa, a Phiri!" anakuwa a Gondwe akundithamangira. "Basi zatha, zatha! Ine ndakukhululukirani kale!"

Kundikhululukira ine? Nkhuku zodyedwazo zinali zanga! Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za magalasi, koma anali atandigwira kale dzanja ndi manja awiri, ndipo mayi a kunyumba anali atatulukira pageti lathu, akuona zonse.

"Simunagwe?" anafunsa.

"Sindinagwe."

"Komanso mwadzichepetsa lero. Njingayo ikhale."

Za magalasi ndinangozisiya pomwepo, n'kulowetsa njinga yanga pageti.

Pa ulendowu ndinaphunzira kuti woyeza maso amakuuza zonse za magalasi, koma za aneba sakuuza. Njinga ndikadali nayo, ndipo nyuzipepala ndimawerenga bwinobwino. Koma dzenje lija mpaka lero silinakwiriridwe, choncho m'mawa uliwonse ndimapepesa a Gondwe chifukwa cha nkhuku zanga zomwe.