Wonyamula Chikwama cha a Nduna

Pakati pa usiku Immacolata anamva bulashi ikukwecha nsapato kukhitchini, ndipo anafungatira mwana wake Rocco. Apongozi ake, a Saverio, akamapukuta nsapato ndiye kuti mawa akukagwadira munthu.

Kugwadako ndiyo inali ntchito yawo. Nkhondo itatha ankapala mamba a nsomba pamsika wa ku Taranto, mpaka tsiku limene loya wina wofuna mavoti anawapatsa chikwama kuti amugwirire. Sanachitulenso. Loya uja anakhala phungu, kenako nduna ku Roma, iwo ali pambuyo ngati mchira. Chisankho chikayandikira ankayenda khomo ndi khomo kugawa chakudya cha pasta ndi nsapato ya kumanzere. Ya kumanja inkabwera a Nduna akapambana. Amene ankamukayikira kuti wavotera kwina ankatsala ndi imodzi yomweyo. Poyankhula ankati "ine ndi a Nduna," chikhalirecho a Ndunawo mpaka imfa yawo ankawaitana kuti Severino.

Sabata yapitayo zigawenga zinatchinga galimoto ya a Nduna pamsewu n'kuwawombera, pamodzi ndi dalaivala wawo, bambo wa ana atatu. Kumaliro a Ndunawo, a Saverio analira mokweza kuposa mayi wamasiye, diso limodzi lili pa phungu watsopano.

Kutacha Immacolata anawapeza atavala jekete la kumaliro lomwe lija, akumwa khofi.

"Amake Rocco, kamudzutseni mwamuna wanuyo amete ndevu. Bwana watsopano akufuna dalaivala."

"Dalaivala? Bambo, a Cataldo ali ndi ntchito yawo kudoko."

"Kusenza matumba nayo ndi ntchito? Izi n'zaboma, mayi: yunifolomu, penshoni! Komanso palibe akuilimbirana."

"Ailimbirane ndani, magazi pampandopo asanaume? Amayamba kuwombera woyendetsa, inunso mukudziwa."

"Iii, mantha ngati nkhuku! Imfa sithawika. Kudokoko zitsulo sizigwera anthu?"

"Ndiye bwanji osakayendetsa inuyo?"

"Ine maso anatha," anatero, akutola kaulusi kakang'onong'ono pamkono wa jekete.

Immacolata anakaima pakhomo la kuchipinda kumene mwamuna wake ankagona, mwana ali m'manja. A Saverio sanakangane naye. Anamaliza khofi, anatenga chipewa, n'kunena kuti apita okha akapereke dzina la Cataldo kwa bwanayo. Chibadwire, Cataldo anali asanawakanirepo bambo ake kanthu.