Khoma la Kum'mawa

Ndinachoka pa famu ya kufupi ndi Karoi chifukwa cha liwu limodzi: ulesi. Analinena ndi a malume, mlongo wawo wa amayi, amene anali foromani wathu pomanga balani la fodya.

Chaka cha chilala chija dzuwa silinali la masewera. Ikamakwana teni koloko, matope a simenti ankaumira pa mpeni womangira usanaike n'komwe njerwa. Ine pa khoma langa la kum'mawa ndinkayamba ndaviika njerwa m'madzi, masana n'kufunditsa khomalo masaka onyowa. Mgwazo, ntchito imene ankatiyezera pa tsiku, sindinkaumaliza. Anzanga a khoma la kumadzulo ankangosanja njerwa zouma, zotentha ngati mbatata yootcha, a malume akuwachemerera.

"Muzukuru, murungu amawerenga mizere ya njerwa, osati masaka," anandiuza pamaso pa anthu, kunena mzungu mwini famu. "Ulesi basi."

Balani litatha ndinakwera basi ya ku Harare. Amayi ndinawasiya m'nyumba yathu ya pa komboni ya antchito. A malume anachita kudziguguda pachifuwa: "Mlongo wanga ameneyu, pita usadandaule."

Ku Harare nakonso kunkatentha, chaka chilichonse kuposa chinzake. Masana, pa ntchito yomanga, tinkakwera makwerero mutu uli waa, manja atalefuka. Lamlungu ndinkasowa woyankhula naye Chichewa, ndiye ndinkangobwereza kuwerenga makalata akwathu. Amayi sadziwa kulemba, ankawalembera ndi a malume. Zaka zitatu, mawu omwewo: tonse tili bwino.

Nditabwerera, pakhomo pathu ndinapeza mayi wachilendo akuyanika zovala. Amayi anali m'kachisakasa ka udzu kuseri kwa tchalitchi. Anandifotokozera akuyang'ana pansi. Mvula yoyamba nditangochoka, khoma limodzi la balani lija linagwa. Mzungu atafunsa amene analimanga, a malume anatchula ine, poti ndinali kutali. Pa famu nyumba ndi ya bwana. Amayi anawatulutsa sabata yomweyo.

"Nanga osandiuza bwanji, amayi?"

"Ndikanakuuza bwanji, mwanangu? Cholembera chinali ndi achimwene."

Mtima unandiwawa kuposa mmene dzuwa linandiwotchera. Ndinathamangira ku balani kuja. Logwa linali la kumadzulo, analimanganso ndi njerwa za mtundu wina. Langa la kum'mawa linali chilili, lopanda mng'alu ndi umodzi womwe.

Njira yopita kumunda imadutsa pansi pa khoma limenelo. Komboni yonse, anthu amene tinkaimba nawo kwaya, anadutsapo m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu, ndipo onse ankadziwa amene analimanga.